Nsima tamupatsa, nanga njira? Mafunso ndi mayankho pa za mtsikana wachilendo ku Mvera

Mtsikana akapita kukakhala dziko la eni, pobwerako nkhani zake zimazungulira pa zinthu ziwiri: zimene anadya, ndi mmene amuna ankamuchitira akatuluka panja. Atsikana ambiri amene anakhalako ku Peru, dziko la ku South America, amasimba zomwezi: chakudya chokoma chosaiwalika, koma misewu yodzaza malikhweru ndi mawu olaula. Nkhaniyi iliponso kwathu kuno, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kungoti sitikonda kuikamba chifukwa imadetsa mbiri imene timainyadira, yoti ndife anthu odziwa kulandira alendo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka nkhaniyi ikayambika pabwalo, kutchalitchi kapena mu minibasi.

Kodi Mvera ndi malo oti tingakambepo za alendo akunja?

Kwambiri. Mvera anayamba kulandira anthu a maiko akutali matauni ena otchuka lero asanabadwe n'komwe. Mu Novembala 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga msasa m'dera la mfumu Chiwere n'kuyambitsa mishoni imene inadzabala Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP. Patangopita zaka zochepa kunabweranso akazi achizungu, ena osakwatiwa, kudzaphunzitsa atsikana. Likulu la mishoni linasamukira ku Nkhoma pambuyo pake, koma chizolowezi choona nkhope zachilendo chinatsala.

Lero msewu wa M14, wochoka ku Lilongwe kutsikira ku Salima, umadutsitsa alendo tsiku ndi tsiku. Ena akupita kunyanja ku Senga Bay, ena akukwera kukaona nkhalango ya Ntchisi. Alipo odzipereka a Peace Corps ochokera ku America, amene anayamba kubwera m'dziko muno mu 1963, ndi anzawo a ku Japan amene anayamba mu 1971. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata ongomaliza kumene sukulu, ndipo amatumizidwa kumasukulu ndi kuzipatala za kumudzi. Koma alendo ochuluka koposa m'boma la Dowa si amenewa ayi. Ali ku Dzaleka, kumene kunali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo. Malowo anakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma mukukhala oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Ethiopia ndi Somalia. Tikamati mtsikana wachilendo m'boma lino, nthawi zambiri ndi wa ku Dzaleka.

Chakudya chathu amachiona bwanji?

Apa ndiye timakhoza, ndipo sitiyenera kudzichepetsa. Mlendo akafika pakhomo la ku Mvera, mayi wa pakhomopo amabwera ndi beseni ndi madzi ofunda, n'kugwada kuti amusambitse m'manja. Mtsikana wa ku Ulaya amachita manyazi poona munthu wa msinkhu wa mayi ake akumugwadira, mpaka ena amafuna kulanda beseni. Kenako mbale zimavundukulidwa. Mitanda ya nsima ikufuka nthunzi, pambali pali nkhwani wotendera, nyemba, mwina usipa wa ku Salima. Mtsikanayo amatema nsima pakati penipeni pamene patentha kwambiri, zala n'kupsa, ana amene akusuzumira pakhomo n'kuphulika kuseka. Wina amamuonetsa kuti uyambire m'mphepete, ukanye mbamu m'dzanja limodzi, uboole pang'ono ndi chala chachikulu, ndiyeno usunse. Pakatha sabata ziwiri wayamba kale kusiyanitsa nsima yophikidwa bwino ndi yamiphumphu.

Zina zimamuvuta. Therere amalimbana nalo kwa miyezi, chifukwa limathawa pa mbamu lisanafike kukamwa. Ngumbi za nthawi ya dzinja ambiri amazizolowera msanga akangolawa zokazinga ndi mchere. Mbewa zapampani, zimene anyamata amakweza m'mwamba m'mbali mwa msewu nthawi yokolola ikatha, ena amangozijambula osazilawa. Bowa ndi masuku a m'mapiri a Ntchisi, futali, chigumu chotentha ndi thobwa lozizira, izi sizisowa wozikonda.

Pali zinthu ziwiri zimene eni khomo sazidziwa kawirikawiri. Choyamba, alendo ena amakonda mgaiwa kuposa ufa woyera, pamene ife timaona ngati kupatsa mlendo mgaiwa n'kuonetsa umphawi. Chachiwiri, alipo atsikana amene sadya nyama chibadwire kapena chifukwa cha chipembedzo chawo. Banja limapha nkhuku imodzi yokhayo imene linali nayo, n'kumuikira nthutumba pamwamba posonyeza kuti yaphedwera iye, ndipo mtsikanayo amakhala pakati pa moto uwiri: adye zimene thupi lake silinazolowere, kapena akhumudwitse anthu amene amupatsa zonse. Kufunsa mlendo zimene sadya mpeni usanakhudze nkhuku si mwano. Ndi ulemu womwewo, woganizira mnzako.

Nanga dziko la Peru likubweramo bwanji m'nkhani ya ku Dowa?

Likubweramo kudzera pachiwaya. Mbatata ya kachewere, imene alimi a m'mapiri a Ntchisi, Dowa, Dedza ndi Ntcheu amalima, kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes, kufupi ndi nyanja ya Titicaca, pamalire a Peru ndi Bolivia. Anthu a kumeneko anayamba kuilima zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo mpaka lero dziko la Peru lili ndi mitundu yoposa 3,000 ya mbatatayi: yofiira, yakuda, yachikasu, yamawangamawanga. Bungwe lofufuza za mbatata la International Potato Center, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971 ndipo likulu lake lili ku Lima, limagwiranso ntchito kuno pa mbewu za kachewere ndi mbatata yofiira mkati. Choncho tchipisi cha pa Mvera kapena pa Chezi chili ndi mizu yake ku Peru.

Mbira zimene ana amaweta kukhitchini zinachokeranso komweko. Kumeneko amazitcha cuy, ndipo kumapiri ndi nyama ya pachikondwerero, imene imabwera pambale yathunthu, mutu ndi zikhadabo zomwe. Mtsikana wa ku London amaiyang'ana mofanana ndi mmene amayang'anira mbewa zathu. Chakudya chimene dzikolo limanyadira koposa ndi ceviche, nsomba yaiwisi yoduladula yonyikidwa m'madzi a mandimu pamodzi ndi anyezi ndi tsabola, imene amadyera mbatata ndi chimanga chophika. Mu Disembala 2023 bungwe la UNESCO linaika kakonzedwe ka chakudyachi pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa. Madzulo m'misewu ya Lima amayi amaotcha anticuchos, mtima wa ng'ombe wotungidwa pakamtengo, ndipo pomwera pali chicha morada, chakumwa chotsekemera cha chimanga chofiirira.

Kufanana kwina n'kumene kukutikhudza kwambiri. Dziko lomwelo, lomwe anthu amakwera ndege kukangodya, linafika pokhazikitsa lamulo lapadera chifukwa akazi ankalephera kuyenda mwamtendere m'misewu yake. Kudziwa kuphikira mlendo sikutanthauza kuti mlendoyo ali pabwino.

Kodi mlendo azidya za pamsewu?

Adye, koma mwanzeru. Chotentha chochoka pamoto maso ako akuona, monga chimanga chootcha, kanyenya, tchipisi ndi zitumbuwa, sichivuta kawirikawiri. Chovuta ndi kabichi ndi tomato waiwisi wothira pamwamba, madzi osambira m'manja amene asambamo anthu khumi, ndi madzi akumwa osadziwika kochokera. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa kuti malangizo amenewa si a azungu okha.

Koma ambiri mwa atsikana amene amasiya kugula pachiwaya sasiya chifukwa cha m'mimba. Amasiya chifukwa pachiwaya ndi pamene pamasonkhana amuna, ndipo mphindi zodikira kuti tchipisi chipse zimakhala zazitali.

Chipongwe cha pamsewu n'chiyani kwenikweni?

Tiyeni tiime pasteji, Loweruka masana. Minibasi yaima, mtsikana watsika ndi chikwama kumsana. Asanaponde bwino pansi, anyamata oitanira ndi akabaza amuzungulira. Wina wagwira lamba wa chikwama, wina wagwira pamkono. Mpaka apa tinganene kuti ndi kulimbirana kasitomala, ngakhale kugwira munthu osapempha kwalakwika kale. Ndiye mawu amasintha. "Bebi, tiye ndikusiye kwanu." "Mzungu wanga, undikwatire tizipita limodzi." Wina akuimba likhweru, wina akufotokozera anzake mokweza za matako ndi mabere ake, poganiza kuti sakumva Chichewa, kapena podziwa kuti akumva. Mtsikana wangoti zii, maso kutsogolo, mapazi mofulumira. "Ukudzimva eti?" Ndipo mawu otsiriza, amene amamuperekeza mpaka pokhota, ndi akuti hule. Gulu lonse laseka. Amayi ogulitsa tomato awerama ngati akukonza milu yawo.

Chimenechi ndiye chipongwe: mawu, malikhweru, zizindikiro za manja, kulondola munthu, kumutsekera njira, kumugwira thupi kapena kumuonetsa maliseche, zonse zokhudza kugonana, kwa munthu amene sanazifune. Ena amati ndi kufunsira chabe. Ayi. Wofunsira amalankhula ndi mtsikana, motsitsa mawu, ndipo akakanidwa amachoka. Wachipongwe amalankhula kuti anzake amve, ndipo kukana kwa mtsikana ndi kumene kumamupatsa mphamvu yotukwana. Cholinga chake si chibwenzi. Akufuna kuonetsa kuti msewu ndi wake ndipo mkazi akungodutsamo mwa chifundo chake.

Zotsatira zake sizioneka pankhope. Mtsikana amasintha njira, amazungulira kutali kupewa pabawo kapena pamalo omwera. Amasiya kupita kumsika yekha. Amavala mphete yabodza n'kumanena kuti mwamuna wake ndi msilikali. Dzuwa likapendeka amadzitsekera m'nyumba. Munthu amene anabwera kudzaphunzitsa kapena kudzathandiza kuchipatala amathera theka la nzeru zake pa kuwerengera kuti adutsa pati.

Ana akamakuwa kuti "Azungu! Azungu!", chimenechonso n'chipongwe?

Tisasakanize. Mwana wa zaka zisanu amene akuthamangira kumsewu kukaona munthu wa khungu lachilendo akuchita chidwi, ndipo alendo ambiri amamvetsa, ngakhale zimatopetsa zikakhala za tsiku lililonse kwa zaka ziwiri. Kupempha ndalama kumachititsa manyazi ife makolo kuposa mmene kumapwetekera mlendo. Moni wathu, wofunsa mmene munthu wadzukira ndi kumene akupita, nawonso si chipongwe, ndipo mlendo amene amadutsa akuluakulu osapereka moni ayenera kuphunzitsidwa.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri amakhala ataima pambali pa achimwene ake pasteji paja, akumvetsera. Chaka chamawa mawu amene adzakuwe sadzakhalanso akuti "Azungu".

Koma si mavalidwe awo amene amaputa zimenezi?

Funso ili lili ndi mbiri yake. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la Decency in Dress Act, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi madiresi osaphimba mawondo. Alendo akunja nawonso linkawakhudza: mkazi wofika pachipata cha dziko atavala thalauza ankayenera kusintha kapena kumanga chitenje, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa. Lamuloli linathetsedwa mu 1993, pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Komabe linachoka m'mabuku osachoka m'mitu ya anthu. Mu Januwale 2012, magulu a mavenda ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anamenya ndi kuvula akazi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, masanasana, anthu akuonerera. Amayi anasonkhana ku Blantyre kutsutsa mchitidwewu, Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ali nawo pamodzi. Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna.

Kulangiza mlendo kuti aziyenda ndi chitenje m'chikwama n'kwabwino. Pamaliro, kutchalitchi, pabwalo la mfumu ndi pakhomo la apongozi a munthu, chitenje ndi ulemu, ndipo atsikana ambiri achilendo amachikonda mpaka kupita nacho kwawo. Koma tisanamizane kuti chitenje ndi chishango. Mwana wasukulu wovala yunifolomu yofika m'munsi mwa mawondo amaimbiridwa likhweru. Mayi wapakati wochokera kusikelo amamva mawu omwewo. Namwino wovala zoyera zake amagwidwa mkono pasteji. Ngati onsewa akukumana nazo, ndiye kuti gwero lake si nsalu.

Kodi mtsikana wachizungu ndi mtsikana wa ku Dzaleka amakumana ndi zofanana?

Mawu ake amafanana, koma kulemera kwake n'kosiyana kutalitali. Mtsikana wa ku America kapena ku Japan ali ndi pasipoti, ofesi ya kazembe ku Lilongwe, ndi bungwe limene lingamutumizire galimoto zinthu zikafika poipa. Amuna amadziwa zimenezi, ndipo ambiri amathera pakamwa. Wa ku Japan kapena ku Korea amapirira kutchedwa Tchaina ndi kuyeseredwa malankhulidwe ake. Mtsikana wakuda wochokera ku America amakumana ndi zina: anthu amamuyesa Mmalawi wodzikweza amene akunamizira kusadziwa Chichewa, ndipo amalandira chipongwe chonse chimene mwana wathu amalandira, popanda kuchotsera.

Wa ku Dzaleka ndiye alibe pogwira. Kaya ndi wa ku Congo, kaya wa ku Rwanda, pamsewu amangotchedwa Mburundi, ndipo dzinali limatuluka ngati chitukwano. Ambiri mwa atsikana amenewa anabadwira mumsasa momwemo. Amalankhula Chichewa cha ku Dowa chenicheni, amadziwa kuphika nsima, dziko lina salidziwa, koma malamulo athu amawaonabe ngati alendo oyenera kukhala mumsasa. Mu Meyi 2023 boma linagwira anthu othawa kwawo amene ankakhala m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, ena atasungidwa kaye kundende ya Maula, akazi ndi ana omwe. Mtsikana amene anaona zimenezi, mwamuna akamugwira thupi pamsika wa kunja kwa msasa, adzapita kupolisi? Mantha ake oyamba ndi akuti funso lidzakhala lakuti amafunanji kunja kuno. Wachipongwe amadziwa mantha amenewa ndipo amawadyera. Onjezani pamenepo kuti thandizo la chakudya mumsasa lakhala likuchepetsedwa kangapo chifukwa cha kusowa kwa ndalama, ndipo njala imapatsa mphamvu mwamuna aliyense amene ali ndi kangachepe m'thumba.

Chondiwawa ine n'chakuti chakudya chawo timachikonda. Anthu amachoka ku Lilongwe ndi ku Mponela kupita kumsika wa Lachiwiri ku Dzaleka. Chapati cha kumeneko n'chotchuka, ndipo sombe, chigwada chosinja chophikidwa mwa Chikongo, ndi nthochi zophika za ku Burundi zili ndi okonda ambiri pakati pathu. Chikondwerero cha Tumaini, chimene mlakatuli wa ku Congo Trésor Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, anachiyambitsa mu 2014, chimakoka anthu zikwizikwi, ena n'kugona m'nyumba za mabanja a mumsasamo. Iwo amatilandira ndi kutidyetsa m'kusowa kwawo. Mwana wawo akatuluka kudzagula tomato kwathu, timamulandira motani?

Malamulo a dziko lino akutipo chiyani?

Akunena momveka. Lamulo la Gender Equality Act la 2013, mu gawo 6, limaletsa mawu, zizindikiro kapena zochita zilizonse zokhudza kugonana zimene munthu sanazifune, ngati munthu woganiza bwino akanadziwa kuti zikhumudwitsa, kunyazitsa kapena kuopseza mnzakeyo. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Ambiri amaganiza kuti lamuloli ndi la m'maofesi mokha, koma mawu a gawoli sasankha malo. Gawo 137 la Penal Code nalonso lilipo kuyambira kale: kugwira mkazi thupi mosayenera ndi mlandu waukulu wofika zaka 14, ndipo kunyoza ulemu wa mkazi ndi mawu, phokoso kapena chizindikiro ndi mlandu wa chaka chimodzi. Malamulo amenewa amateteza aliyense amene ali m'dziko muno, nzika, mlendo ndi wothawa kwawo.

Kokadandaula kulipo. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo pali manambala aulere, 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi ndi 116 ya ana. Vuto ndi chikhulupiriro. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anachitidwa nkhanza zogonana ndi apolisi, ndipo mu Ogasiti 2020 Khothi Lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Chigamulocho chinaonetsa kuti chilungamo n'chotheka, koma chinatsimikizanso zimene amayi ankaopa. Mtsikana wonena kuti wina wamutukwana pamsewu amayembekezera kufunsidwa kuti, "Ndiye wakupweteka pati?"

Ku Peru anachitapo chiyani, ndipo zinathandiza?

Kumeneko zinthu zinasintha akazi atasiya kukhala chete. Mu 2014 Magaly Solier, katswiri wa mafilimu wodziwika dziko lonse, anaulula poyera kuti mwamuna wina anamuchitira zonyansa pa mabasi a Metropolitano ku Lima, anthu ambiri ali pomwepo osachitapo kanthu. Nkhaniyo inagwedeza dziko. Mu Malichi 2015 anakhazikitsa lamulo nambala 30314, loletsa chipongwe chokhudza kugonana m'malo opezekamo anthu onse, ndipo linapatsa makhonsolo udindo wopanga malamulo awoawo ndi kulipiritsa zindapusa. Pa 13 Ogasiti 2016 khwimbi la anthu linayenda m'misewu ya Lima pa chionetsero cha Ni Una Menos, chotsutsa kuphedwa ndi kuzunzidwa kwa akazi. Mu 2018 chipongwe chotere chinalowetsedwa m'malamulo a milandu yopita nayo kundende.

Malikhweru sanathe ku Lima. Koma mfundo imodzi ndi yofunika kuitola: udindo unatsitsidwa kufika kumakhonsolo ndi kwa oyendetsa mabasi, pafupi ndi pamene zinthu zimachitikira.

Mu 2014 momwemo kunatchukanso kanema wina, wokonzedwa ngati sewero, dzina lake Sílbale a tu madre. Amayi ankavala mwachitsikana n'kudutsa pamene ana awo aamuna amakhala, anawo n'kuyamba chipongwe osadziwa kuti ndi mayi awo. Kanemayo anaonedwa ndi anthu mamiliyoni. Ndi mfundo yomweyo imene timagwiritsa ntchito kuno tikamafunsa mnyamata kuti, "Akanakhala mlongo wako ukanamva bwanji?" Funsoli limagwira mtima, ndipo ndi poyambira pabwino. Koma lili ndi polekezera. Mtsikana wachilendo si mlongo wa aliyense pasteji paja. Alibe malume amene angabwere mawa kudzafunsa. Ngati ulemu wathu umadalira kuti munthu ali ndi abale pafupi, ndiye kuti chimene timalemekeza ndi zibakera za abalewo, osati munthuyo.

Bwanji tikudandaulira alendo pamene ana athu amakumana nazo tsiku ndi tsiku?

Funso ili ndi lolondola, ndipo yankho lake ndi limene landichititsa kulemba. Mlendo sakumana ndi zachilendo. Amakumana ndi zimene mtsikana wa ku Mvera amakumana nazo popita kuchigayo, kumjigo ndi kusukulu. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo amadabwa, n'kulankhula, pamene wathu anauzidwa kuyambira ali wamng'ono kuti amuna ndi otero, ungodutsa, usayankhe, ungadzionetse kuipa. Kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse m'dziko muno anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Nkhanza zimenezo sizigwa kuchokera kumwamba. Zimamera pamene mnyamata waphunzira kuti thupi la mkazi ndi loseweretsa, ndipo akulu amene anamuona anaseka.

Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kudabwa kwa mtsikana wachilendo kukutionetsa chinthu chimene maso athu anachizolowera. N'zomvetsa chisoni kuti mzungu akadandaula mfumu imaitanitsa msonkhano, pamene mwana wa m'mudzi momwemo wakhala akulira chaka chonse. Koma ngati msonkhanowo wachitika, tiugwiritse ntchito kukamba za onse.

Ndipo tisaiwale kuti ifenso ndife alendo kwina. Ana athu aakazi ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, kumene amatchedwa makwerekwere, ndipo mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa zipolowe. Ena anapita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Oman n'kubwerako ndi nkhani zoopsa. Mtsikana wa ku Ntchisi wopanda mapepala ku Joni amaopa polisi mofanana ndi mtsikana wa ku Dzaleka pa Dowa.

Nanga amene waona zikuchitika, kapena amene akusunga mlendo, achite chiyani?

Mlendo mwiniyo amalangizidwa zambiri kale: aphunzire moni, adziwane ndi amayi a pamsika, akhale ndi wakabaza mmodzi wodalirika, asayende yekha usiku. Malangizowa ndi othandiza, koma onse amasenzetsa katundu munthu amene sanalakwe.

Banja losunga mlendo limutengere kwa a mfumu, kutchalitchi ndi kumsika m'masiku oyambirira, kuti anthu adziwe kuti ndi mwana wa pakhomo pa auje. Akabwera n'kunena zimene zamuchitikira, asayankhidwe kuti angozolowera. Afunsidwe kuti zachitikira pati ndipo anali ndani, chifukwa pamalo ngati Mvera palibe mnyamata wosadziwika kwawo.

Woonerera ali ndi mphamvu kuposa mmene amaganizira. Sipafunika ndewu. Mayi mmodzi wogulitsa tomato akadzutsa mutu n'kunena kuti, "Iwe, tamusiye mwanayo," phokoso limazizira, chifukwa wachipongwe amadalira gulu. Bambo wachikulire akangopita kukaima pambali pa mtsikana n'kumufunsa kuti, "Achemwali, mukupita kuti? Tiyeni ndikuonetseni galimoto," nkhani yatha. Mawu a mwamuna mnzawo ndi amene anyamata amawamva msanga, ndipo ndi amene amasowa kwambiri. Abusa ndi akulu a mpingo, amene amalalikira kawirikawiri za mavalidwe a atsikana, angapatuleko Lamulungu limodzi kulankhula ndi anyamata za pakamwa ndi manja awo. Aphunzitsi aakulu amadziwa malo amene atsikana awo amaopa kudutsa, ndipo angawatchule pamsonkhano wa makolo.

Koma pamene zinthu zingasinthe msanga ndi pasteji ndi pamsika pomwepo. Akabaza ali ndi wapampando wawo, oitanira minibasi ali ndi akuluakulu awo, msika uli ndi komiti yake. Makomiti amenewa amalipiritsa kale chindapusa munthu wodumpha mzere kapena wolanda kasitomala wa mnzake. Angathenso kuimitsa ntchito kwa sabata yathunthu amene watukwana mtsikana, n'kupereka kupolisi amene wamugwira thupi. Safunika kudikira lamulo latsopano kuchokera ku Lilongwe, ndipo dzina la mnyamatayo ndi mudzi wake ali nazo kale m'kaundula wawo.